Kuchotsa mwaye pa mavavu a injini ya galimoto

Galimoto ikayamba kunjenjemera m'mawa mukangoiliza, kulefuka pachitunda ndi kumwa petulo mosadziletsa, musathamangire kusintha mapulagi okha. Nthawi zina vuto limakhala mwaye womwe wamatirira pa mavavu olowetsa mpweya.

Mwayewu umasautsa kwambiri injini zomwe zimapopera petulo mwachindunji mu silinda, monga GDI ya Mitsubishi, TSI ya Volkswagen ndi D-4 ya Toyota, yomwe ili mu Noah ndi Voxy zambiri zakale zochokera ku Japan. Pa injini zamtundu wina petulo amadutsa pa mavavu n'kumawatsuka. Koma pa zopopera mwachindunjizi, mavavu amangolandira nthunzi ya oyilo ndi utsi wobwerera kudzera pa EGR, ndipo zikapsa zimauma gwa ngati mwaye wa kudenga la khitchini. N'chifukwa chake mankhwala othira m'thanki sathandiza: safika n'komwe pamavavupo.

Ngati mwaye ukadali wochepa

1. Gulani mankhwala opopera olembedwa kuti intake valve cleaner. Imikani galimoto panja, osati m'galaja yotseka, ndipo injini itenthe kaye.

2. Masulani pang'ono paipi yampweya kutsogolo kwa throttle, n'kulowetsapo kapaipi ka mankhwalawo. Mankhwalawo asakhudze sensa yoyeza mpweya ya MAF, chifukwa imawonongeka msanga.

3. Mnzanu aponde mafuta, injini ikhazikike pa 2,000 RPM. Inu muzipopera pang'onopang'ono, mukupumira. Mukathira ambiri nthawi imodzi, mankhwalawo amadzaza silinda ndipo angathe kupinda ndodo ya pisitoni.

4. Zimitsani injini, dikirani ola limodzi, kenaka yendetsani galimoto pamsewu waukulu kwa mphindi 15. Utsi woyera wotuluka kumbuyo usakuopseni, umatha wokha.

Ngati mwaye wakhwima

Apa mankhwala okha sangakwanitse, mpaka manifold yolowetsa mpweya ichotsedwe. Chotsani waya pa batire, ndipo jambulani pafoni paipi ndi waya aliyense musanamasule, kuti pobwezera musasokoneze. Zungulitsani injini ndi sipanala mpaka mavavu a silinda yomwe mukutsuka atsekeke kotheratu. Mabowo a masilinda enawo atsekeni ndi nsalu zoyera. Thirani mankhwala, anyowetse mwayewo kwa kanthawi, palani ndi burashi kapena kamtengo kolimba, kenaka yamwani zinyalala zonse ndi makina okokera fumbi. Chidutswa chikagwera mu silinda chimakanda khoma lake, ndiye musafulumire. Pobwezera manifold ikani gasiketi yatsopano, yakale imalowetsa mpweya.

Magalaja ena amawomba mavavu ndi makoko a walnut ophwanyidwa, omwe amachotsa mwaye osadya chitsulo. Wina akafuna kugwiritsa ntchito mchenga, kanani. Ngati simunamasulepo injini chibadwire, gawo ili asiyireni amakaniko odziwa injini zamtunduwu.

Kupewa

Sinthani oyilo pa nthawi yake, ndipo akhale wamtundu womwe buku la galimotoyo lanena. Yang'anani vavu ya PCV, chifukwa ikafa imalavulira oyilo wambiri m'njira ya mpweya. Sefa ya mpweya muziiona pafupipafupi m'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Galimoto yongozungulira m'tauni, yozimitsidwa injini isanatenthe, ndi yomwe imaunjika mwaye msanga, choncho nthawi ndi nthawi muziitulutsa paulendo wautali.