Soda mu ndiwo zamasamba ndi mafupa ofooka

Matenda ofooketsa mafupa, omwe achipatala amati osteoporosis, sapweteka akamayamba. Mumangoona mayi wachikulire wayamba kupindika msana, kapena waterereka pang'ono pamjigo n'kuthyoka mkono kapena chiuno. Matendawa amagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba, chifukwa homoni ya estrogen yomwe imateteza mafupa imachepa. Fupa limakhwima mpaka munthu afike zaka pafupifupi 30. Zikapitirira apo, ntchito imatsala yosamala lomwe lilipo.

Tsono chomwe ndimapeza khomo ndi khomo ndi soda. Nkhwani, soda. Chisoso, soda. Ngakhale bonongwe, amene sachedwa kupsa, mukumuthira chidulo n'kumusiya pamoto mpaka asanduke phala. Mukuti ndiwo zifewe ndipo zioneke zobiriwira. Zikufewadi, koma vitamini C watha. Vitamini ameneyu sapirira soda kapena moto wautali, komanso amasungunukira m'madzi, madzi omwe ena mumakhetsa n'kutaya kuseri. Thupi limamufuna popanga kolajeni, ulusi wa m'fupa umene kashiamu amagwirapo, monga matope amagwirira pa mitengo pomata nyumba. Vitamini C alinso m'gulu la ma antioxidant, zinthu zoteteza maselo kuti asawonongeke. M'fupa muli maselo omanga ndi maselo ogumula, ndipo omanga akafooka, ogumula amapambana. Musandiuze kuti ndi mmene tinazolowerera. Soda mumachita kugula, ndiye mukulipira ndalama kuti muwononge zomwe munalima nokha kudimba.

Tsukani masamba musanadule. Madzi akhale ochepa ndipo ayambe awira, kenako ikani masamba, vundikirani, muphule akangofewa. Msuzi udyedwe. Mu ndiwo zimenezi soda asafikeko. Chigwada chokha ndicho chiyenera kusinjidwa ndi kuwiritsidwa mokwanira, chifukwa chili ndi poizoni amene amachoka pophika.

Ma antioxidant amapezekanso m'zakudya zina. Nsinjiro zili ndi vitamini E. Tomato wophika ndi timafuta pang'ono amapatsa thupi lycopene wambiri kuposa wosaphika. Magwafa ndi malambe si za ana okha ayi, agogo nawonso adye.

Ma antioxidant paokha samanga fupa popanda kashiamu. Usipa ndi matemba idyani ndi mitu ndi minga yomwe, osadula mitu n'kuponyera mphaka.

Amene wathyoka fupa atangogwa pang'ono, kapena wayamba kufupika msinkhu, apite kuchipatala akamuyeze. Chakudya chimathandiza kuteteza, koma fupa likafooka kale pamafunikanso mankhwala.