Nyumba Ndi Yako, Koma Makiyi Ali ndi Ndani?

Mwanawe, maliro akatha ku Chawama kapena ku Kanyama, tenti itachotsedwa, akuluakulu amakhala pabwalo n'kuloza mwana wamasiye kuti, "Mwini nyumba ndi uyu." Anthu amaomba m'manja. Mawa lake makiyi a zipinda za lendi, khadi la kubanki ndi pepala la kukhonsolo zimalowa m'thumba la amalume kapena abambo aang'ono amene khoti laling'ono lawaika kukhala administrator. Zoterezi ndaziona mpaka imvi zandimera, ndipo zimandiwawabe.

Zotere sizinayambe lero. Ku Japan kunali mwana dzina lake Antoku. Anamuika pampando wa mfumu yaikulu mu 1180 asanakwanitse zaka ziwiri, chifukwa agogo ake akuchikazi, Taira no Kiyomori, ankafuna kulamulira m'dzina la mdzukulu. Nkhondo itavuta mu 1183, a banja la Taira anathawa naye kuchoka mumzinda wa Kyoto pamodzi ndi zizindikiro zaufumu. Mu 1185, atagonja pankhondo ya panyanja ku Dan-no-ura, agogo ake aakazi anamufungata n'kudziponya naye m'madzi. Anafa ali ndi zaka 6. Onse ankamugwadira, koma sanasankhepo ngakhale chinthu chimodzi pa moyo wake.

Iwe uli ndi chimene iye analibe: lamulo lolembedwa. Lamulo la Zambia la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo limati ana alandire 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena amene ankadalira malemu 10. Nyumba yokhalamo ndi ya ana pamodzi ndi kholo lotsala. Administrator si wolowa chuma. Ntchito yake ndi kulipira ngongole za malemu, kugawa zotsala ndi kufotokoza mmene ndalama zayendera. Sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha khoti, ndipo akasokoneza, khoti lingamuchotse.

Ndiye usachite manyazi. Dziwa nambala ya puloti. Jambula pafoni pepala lililonse la nyumba, makamaka occupancy licence, uike kwa munthu wina womudalira, kaya mkulu wa mpingo kaya azakhali. Gula kabuku, uzilemba: chipinda chakumbuyo chimalipira zingati, walandira ndani, tsiku liti. Ukamafunsa, khala pansi, ulankhule mwaulemu: "Amalume, ndalama za lendi za mwezi uno zagwira ntchito yanji?" Adzati wayamba mwano, wakula mutu. Pirira mawuwo. Mwana wosafunsa amadzazindikira atachotsedwa sukulu chifukwa chosowa nsapato, nyumba ili ndi alendi anayi. Amalumewo akayamba kubwera ndi alendo oyendera mpanda n'kumayeza ndi maso, usadikire. Pita ku Victim Support Unit kupolisi tsiku lomwelo.

Sindikuti aliyense wosunga za mwana ndi wakuba. Ku Ntcheu, Inkosi Gomani IV itamwalira mu 2009, mwana wake Mswati anali wamng'ono. Azakhali ake, Rosemary Malinki, anagwirizira mpando wa Angoni a Maseko mpaka mu 2012 pamene mwanayo anavekedwa ufumu kukhala Gomani V. Anasunga, nabweza.

Tsiku lina m'bale wako adzatsogola, ndipo akuluakulu adzaloza iwe kuti usunge za ana ake. Ukadzatero, kabuku kaja uzidzawaonetsa wekha mwezi uliwonse, asanakufunse, ndipo wamkulu akadzakwanitsa zaka 18 udzamuitane pamaso pa abale, umupatse makiyi ndi mapepala onse.