Mphunzitsi Mmodzi, Makalasi Atatu: Mafunso ndi Mayankho

Wowulutsa: Sabata yatha tinakamba za makoleji amene akulumikiza makalasi awo pa intaneti kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa malo angapo nthawi imodzi, makamaka maphunziro a kompyuta ndi a ntchito zosamalira chilengedwe. Makalata abwera ambiri ndithu. Aphunzitsi athu a zamagetsi ali nafe muno. Tiyambe ndi bambo wina wa ku Mponela. Akuti: "Ine sindinamvetse. Kalasi yolumikizayo ikusiyana pati ndi kuonera vidiyo pa foni?"

Katswiri: Zikomo bambo. Kusiyana kwake n'kwakuti vidiyo simungaifunse funso. M'kalasi yolumikiza muli sikirini yaikulu kutsogolo, kamera, maikolofoni ndi masipika. Mphunzitsi akakhala ku Lilongwe, ophunzira a ku Mzuzu amamuona ndi kumumva, nayenso amawaona. Wina akakweza dzanja ku Mzuzu, mphunzitsi amamuloza n'kumuyankha pompo. Kamera yabwino imatha kuyandikitsa chithunzi mpaka ophunzira onse kuona nambala imene ikuwerengeka pa mita yoyezera magetsi imene ili m'manja mwake.

Ku England makoleji a m'chigawo chimodzi anapempha ndalama limodzi ku thumba la boma lotchedwa Local Skills Improvement Fund, lomwe linayamba mu 2023, ndipo ena mwa iwo anagula zipangizo zolumikizira makalasi. Chinawakakamiza ndi kusowa kwa aphunzitsi a maluso atsopano. Ife vuto limeneli tili nalo kuposa iwo. Tili ndi makoleji akuluakulu a ntchito zamanja monga Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a m'madera, kuyambira ndi ya Ngara ku Karonga. Nyumba zikumangidwa, koma munthu wodziwa bwino za mabatire amakono kapena chitetezo cha makompyuta sapezeka m'boma lililonse. Akapezeka, makampani amamulanda. Ndiye ochepa amene tili nawowo tiyenera kugawana.

Wowulutsa: Mayi wina wa ku Luchenza walemba mokhudzidwa. Akuti: "Mwana wanga akuphunzira zoika mawaya a magetsi m'nyumba. Ndimagulitsa nthochi kuti ndimulipirire. Musandiuze kuti aziphunzira ntchito ya manja pa kanema."

Katswiri: Mayi, mwanena zoona, ndipo ine ndili kumbali yanu. Ntchito ya manja imalowa kudzera m'manja. Mwana wanuyo ayenera kusenda waya yekha, kumanga sikuluu, kulakwitsa, mphunzitsi n'kumugwira dzanja kuti, "Ayi, apa walekerera, pazitentha." Sikirini singamve kuti waya wamangidwa molekerera. Koleji iliyonse imene ingagule zipangizozi n'cholinga chotseka wekishopu yakulakwirani inuyo ndi mwana wanu.

Komabe ntchito ya magetsi ili ndi mbali ina, ya m'mutu. Kuwerengera kukula kwa waya woyenera, kuwerenga mapulani, kudziwa malamulo a chitetezo, kumvetsa chifukwa chimene batire lafera. Mbali imeneyi ndi imene ingayende pa intaneti. Ndipo ngakhale pamenepo, m'chipinda chilichonse muyenera kukhala mphunzitsi wamoyo. Ambiri mukukumbukira pulogalamu ya Tikwere imene inayamba kumveka pa MBC mu 2008. Wailesi inkalankhula, koma mphunzitsi wa m'kalasimo ndi amene ankaimiritsa ana, kuwalozera pa bolodi ndi kuona amene watsalira. Apanso n'chimodzimodzi. Katswiri wa kutali akafotokoza kwa ola limodzi, sikirini izimitsidwe, ophunzira apite ku wekishopu ndi mphunzitsi wawo wa pompo akachite zimene amva. Mukapita kukoleji ya mwana wanuyo, kafunseni kuti pa sabata amakhala maola angati atagwira zipangizo. Muli ndi ufulu wofunsa, ndalama ndi zanu.

Wowulutsa: Mnyamata wa ku Chitipa akufunsa kuti: "Maluso osamalira chilengedwe amenewa ndi kudzala mitengo basi? Nanga ntchito yake ikapezeka kuti?"

Katswiri: Kudzala mitengo ndi mbali imodzi chabe, achimwene. Yang'anani madenga a kwanuko muone kuchuluka kwa masola. Ambiri anaikidwa ndi anthu ongoganizira. Mupeza sola yayang'ana kum'mwera, chonsecho kwathu kuno iyenera kupendekekera kumpoto chifukwa ndi kumene dzuwa limadutsira miyezi yambiri ya chaka. Mupeza waya wachoka pa sola n'kulunjika ku batire popanda charge controller pakati, ndiye batire limadzaza mopitirira mpaka kuwonongeka. Mupeza banja likukama batire lamadzi mpaka kutheratu usiku uliwonse, pamene lamtundu umenewu silifuna kutsika kupitirira theka. Miyezi ingapo, batire lafa, mwini wake n'kumati sola ndi zabodza. Mwezi wa Okutobala fumbi lokha limadya mphamvu yambiri, pamene mankhwala ake ndi kansalu ndi madzi oyera m'mawa galasi lisanatenthe. Munthu wodziwa zimenezi bwinobwino sangagone ndi njala.

Palinso ntchito zazikulu. Ku Nanjoka m'boma la Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, ndipo ku Golomoti kuli a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Mapampu a sola othirira mbewu akuchulukanso, ndipo akawonongeka alimi amasowa kolowera.

Ndiwonjezere za mafiriji, chifukwa anthu saziwerengera. Gasi wakale wa R22 akuchotsedwa pang'onopang'ono padziko lonse motsatira pangano la Montreal la mu 1987, popeza amawononga mlengalenga. Mafiriji ambiri a m'nyumba masiku ano amabwera ndi R600a, amene amayaka moto. Mmisiri amene anaphunzira kalekale, akangofika ndi moto wake wowotcherera mapaipi monga anazolowerera, akhoza kupsa nkhope. Phunziro lotere, lalifupi koma lopulumutsa moyo, ndi limene ndingakonde kuti liperekedwe tsiku limodzi m'makoleji asanu, amisiri a m'misika ataitanidwa kudzakhala nawo.

Wowulutsa: Iyi yachokera kwa mphunzitsi mnzanu, sanatchule koleji. Akuti: "Mukulankhula ngati magetsi sathima kuno. Nanga bandulo alipira ndani?"

Katswiri: Sindikutsutsani, aphunzitsi. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, namondwe wa Ana atawononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kalasi yolumikiza yodalira magetsi a pa mzere okha ndi yongotayirapo ndalama, pakuti kukathima mbali imodzi, phunziro lafa mbali zonse. Koma chipinda chotere sichidya magetsi ambiri. Tiyerekeze kuti sikirini, kompyuta, masipika ndi rauta zonse pamodzi zikudya mawati 400. Kwa maola asanu ndiye mayunitsi awiri basi. Masola ochepa, inveta ndi batire labwino zikwanitsa. Ndipo ndani aziike? Ophunzira a zamagetsi a pakoleji pomwepo, moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Akaika okha, azidzakonzanso okha.

Za intaneti, musadalire bandulo ya pa foni ya munthu. Ola limodzi la kanema wooneka bwino limatha kudya gigabayiti yathunthu kapena kuposerapo. Kuli bungwe la MAREN, limene ntchito yake ndi kulumikiza masukulu a ukachenjede ndi malo a kafukufuku m'dziko muno, ndipo limagwira ntchito ndi UbuntuNet Alliance, yomwe ofesi yake ili ku Lilongwe konkuno. Makoleji akagula intaneti pamodzi mtengo umatsika, kusiyana ndi aliyense kukadzigulira payekha.

Langizo lina limene ogulitsa zipangizo sangakuuzeni: samalani mawu kuposa chithunzi. Chithunzi chikachita mbuu, ophunzira amapirira. Mawu akamadukaduka, mphindi khumi zokha onse ali pa foni zawo. Ndipo ngati chipindacho n'cha malata opanda siling'i, mvula ya mu Januwale ikangoyamba kugunda padenga, maikolofoni imatola phokoso lokhalo n'kulitumiza ku makoleji onse. Ikani siling'i musanagule sikirini yodula.

Wowulutsa: Mphunzitsi yemweyu wapitiriza kuti: "Kodi si njira yotichotsera ntchito imeneyi?"

Katswiri: Ndanena kale kuti chipinda chilichonse chifunika mphunzitsi. Ndipo amene amapindula kwambiri ndi mphunzitsi wa pompoyo, chifukwa akakhala pansi chaka chathunthu akumvetsera katswiri, chaka chinacho akhoza kuphunzitsa yekha phunzirolo. Chimene ine ndimaopa ndi china: kusagwirizana. Chipangizo cha anthu ambiri chili ngati mjigo wa m'mudzi. Popanda komiti ndi kathumba kogulira zokonzera, aliyense amatunga, koma ukathyoka onse amayang'ana kumbali. Makoleji alembe pangano asanatsegule katoni. Phunziro lizichitika tsiku liti ndi nthawi yanji, popeza ndandanda zawo zimasiyana? Mphunzitsi amene akuphunzitsa makalasi atatu, mapepala a ophunzira onsewo achonga ndani, ndipo alandira kangati? Kamera ikafa ku Nasawa, agula ndani? Maphunzirowa asamangochokeranso ku Lilongwe kupita kumidzi. Koleji yaing'ono ikhoza kukhala ndi mmisiri wodziwa mapampu kuposa onse, nayenso apatsidwe tsiku lake. TEVETA, imene yakhala ikuyang'anira maphunziro amenewa kuyambira mu 1999 ndipo imalandira msonkho wa 1 peresenti ya malipiro kuchokera kwa olemba anthu ntchito, ndi yoyenera kuwakhazika pansi akuluakulu a makolejiwa.

Wowulutsa: Womaliza lero, mtsikana wa ku Ntaja. Akuti anamaliza fomu folo, amakonda zamakompyuta, koma kompyuta sanaigwirepo. Angayambe?

Katswiri: Angayambe, ndipo asachite manyazi. Ambiri amafika kukoleji asanagwirepo mbewa ya kompyuta. Mwana wanga, posankha koleji kaone ndi maso ako chipinda cha makompyuta, uwerenge amene akuyaka, ufunsenso kuti pa kompyuta imodzi pamakhala anthu angati. Ukamva kuti TEVETA yalengeza zolembetsa, lemba msanga, ndipo usaope kusankha zamagetsi kapena za sola chifukwa choti ndiwe mtsikana.

Wowulutsa: Makalata amene atsala, kuphatikizapo ya bambo wa ku Nsanje yokhudza mapampu a sola, tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.