Vinyo wa Thovu, Chidede ndi Mango: Makalata a Omvera a kwa Chikomeni

MUULUTSI: Tikulankhula ndi omvera athu, kuyambira pa boma la Lundazi, ku Lumezi, kwa Mwasemphangwe mpaka kwa Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi. Maukwati ndi Khirisimasi zayandikira, ndipo makalata a sabata ino ndi a phwando okhaokha. Muno tili ndi amayi amene agwira ntchito yokonza zakumwa m'mahotela kwa zaka zambiri. Amayi, takulandirani.

AMAYI: Zikomo achimwene. Tiyeni nazo, nthawi ya pa wailesi sichedwa kutha.

MUULUTSI: Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa kwa Chikomeni. Akuti mwana wawo wamkazi akukwatiwa mu Disembala, ndipo mlongo wawo wa ku Lusaka walonjeza mabotolo 6 a shampeni. Alendo olemekezeka alipo pafupifupi 50. Akuti pa ukwati wina ku Chipata adamwa chakumwa chofiira, chathovu, chonunkhira maluwa, ndipo akufuna chomwecho. Mabotolo 6 angakwane?

AMAYI: Akwana, amayi, mukatsata muyezo. Koma tiyambe ndi botololo. Champagne ndi dera la ku France, ndipo dzinali ndi la vinyo wochokera kumeneko basi. Amene timagula m'masitolo a ku Lusaka ndi ku Chipata kawirikawiri ndi wa ku South Africa, monga J.C. Le Roux. Kumeneko adayamba kupanga vinyo wowira kachiwiri m'botolo, monga achitira ku France, mu 1971 pa munda wa Simonsig ku Stellenbosch, ndipo kuyambira 1992 amamutcha Cap Classique. Ameneyo ndi wodula. Auzeni alongo anuwo asaononge ndalama, agule wotchipa. Vinyo wodula mukamuthira mango ndi shuga, palibe adzamve kusiyana kwake.

Chofunika kuona pa pepala la botolo ndi mawu akuti Brut. Ameneyo shuga wake safika magalamu 12 pa lita. Wolembedwa Demi-Sec ali ndi magalamu 32 mpaka 50, ndipo wa Doux amaposa pamenepo. Poti tikuthiramo zotsekemera zathu, Brut ndiye woyenera. Akabwera ndi wotsekemera, manyuchi amene nditchule muwachepetse ndi theka.

Kufiira kuja ndi chidede, chija ambiri kuno timati lumanda n'kumadya masamba ake otendera. Ife tikufuna timakoko tofiira timene timatsala duwa likafota, tija mumayanika mvula ikatha. Tengani makapu awiri a touma, muike m'lita imodzi ya madzi, ziwire pang'onopang'ono mphindi 10. Phulani, vundikirani theka la ola, kenaka sefani pa nsalu yoyera. M'madzi ofiirawo thirani makapu anayi a shuga, mubwezere pamoto mpaka shuga asungunuke. Manyuchi anu ndi amenewo. Poto akhale wachitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamelo, chifukwa chidede n'chowawasa, chimadya poto wa aluminiyamu. Ndipo asakhale amene mwaphikira therere la chidulo kapena soda osatsuka bwino. Soda akangokhudza chidede, kufiira konse kumathawa, kumatsala mtundu wobiriwira mothimbirira umene simungaonetse apongozi.

MUULUTSI: Nanga zipatso zija?

AMAYI: Disembala ndi mwezi wa mango, mwayi wawo. Ku Venice, ku Italy, kuli malo omwera otchedwa Harry's Bar kumene Giuseppe Cipriani adatchuka ndi chakumwa chotchedwa Bellini: mapichesi opota, kuthirapo vinyo wa thovu wa Prosecco, basi. Mpaka lero alendo amachilipira ndalama zambiri. Ife mango akuwolera pansi pa mtengo. Sendani akupsa bwino, finyani, thirani madzi owiritsa pang'ono ndi madzi a mandimu awiri, kenaka sefani kawiri pa nsalu. Ndati kawiri. Mango athu ang'onoang'ono aja ali ndi ulusi wambiri, ndipo mpweya wa mu vinyo umagwira pa kaulusi kalikonse n'kutuluka nthawi imodzi. Tambula imasefukira, theka la vinyo n'kuthera pa nsalu ya pa tebulo. Mufunika lita imodzi ndi theka ya madzi a mango.

Masuku nawonso amatheka. Ine ndimawakonda kuposa mango chifukwa samuphimba vinyo. Koma ntchito yake ndi yambiri, kuchotsa nthangala, kufinya, kusefa, ndipo sachedwa kuda mukapanda kuthiramo mandimu msanga. Pa anthu 50 sindingakutumeni zimenezo.

Muyezo wa tambula imodzi nawu: supuni imodzi yaikulu ya manyuchi, masupuni awiri a madzi a mango, kenaka vinyo wokwana masupuni 6, ndiwo mamililita 90. Botolo limakhala ndi mamililita 750, ndiye limodzi lipereka matambula 8. Mabotolo 6, matambula 48. Awiri otsalawo musadandaule nawo, pa anthu 50 osamwa mowa sangalephere kupezeka.

Mumvetse chinthu chimodzi, amayi. Chidede n'cha m'munda mwanu, mango n'nga pakhomo. Chimene alongo anu alipira ndalama ndi mpweya uli m'botolomo, ndiye ntchito yonse ndi kuusunga mpaka ufike pakamwa pa mlendo. Manyuchi ndi mango muzisakanize m'mawa m'jagi, muziziziritse. Vinyo atsekulidwe alendo atakhala kale pansi. Zosakanizazo ziyambe kulowa m'tambula, vinyo pambuyo, tambula itapendekeka, kuthira motsetsereza m'mbali. Osatakasa. Osathira mabotolo onse mu ndowa kuti muzitunga ndi kapu ngati thobwa, chifukwa abusa asanamalize pemphero muzagawa madzi ofiira opanda moyo.

MUULUTSI: Yachiwiri ikugwirizana nayo. Bambo wina wa kwa Mwasemphangwe akuti kwawo magetsi a ZESCO sanafike, filiji alibe. Angaziziritse bwanji?

AMAYI: Funso limeneli ndiye mwini nkhani. Mpweya umakhazikika mu vinyo akazizira, akatentha umafuna kuthawa. Vinyo wa thovu amafuna madigiri 6 mpaka 8. Mtsuko wokutidwa ndi chiguduli chonyowa pamthunzi umathandiza, ndipo mabotolo agone mmenemo usiku, koma pawokha sungafikitse pamenepo, makamaka mvula ikayamba ndipo mphepo ili ndi chinyezi. Pafunika ayezi. Tumani munthu pa boma m'mamawa wa tsikulo akagule zibuma zikuluzikulu, osati tizidutswa, azikute m'saka ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga. Pofika, phwanyani, ikani mu ndowa, thirani madzi ndi mchere wodzaza manja awiri, mumize mabotolo mpaka m'khosi. Mchere umachititsa kuti madziwo azizire kuposa ayezi payekha, ndipo theka la ola likwana.

Ayezi ameneyo ndi wa kunja kwa botolo, asalowe m'tambula. Simudziwa madzi amene adaumitsa. Tisaiwale kolera ya kumapeto kwa 2023 ndi kuchiyambi kwa 2024, imene idagwira anthu oposa 20,000 m'dziko muno, oposa 700 n'kumwalira. Kuzizira sikutsuka madzi, ndipo vinyo wa 11 kapena 12 peresenti simungamudalire kuti apha tizilombo. Madzi alionse olowa m'chakumwa akhale owiritsa kapena othira klorini.

Botolo limene layenda pa njinga yamoto kapena pa kantala m'misewu yathu ya mabampuyi lipume tsiku lathunthu. Mphamvu ya mpweya m'botolo la mtundu wa shampeni imaposa ya m'tayala la galimoto kawiri kapena katatu, ndipo chotsekera chija chaphulitsa anthu maso. Potsekula, chala chachikulu chikhale pamwamba pa chotsekera mukumasula waya, phimbani ndi kansalu, lozetsani kopanda anthu, muzipotoza botolo chotsekera mutachigwira. Lingoti fyuu. Zokhutchumula n'kupopera anthu zija asiyireni opambana mpikisano wa magalimoto, iwo vinyoyo sagula okha.

MUULUTSI: Mtsikana wina wa ku Lumezi akukonzekera kitchen party ya mkulu wake. Akuti adayesa chidede, mtundu udakongola koma fungo la maluwa panalibe. Athyole maluwa ati?

AMAYI: Mwana wanga, sunalakwitse kanthu. Chidede chimapereka mtundu ndi kuwawasa, fungo chilibe kwenikweni. Fungo limene anthu amamva m'mahotela nthawi zambiri ndi la manyuchi a m'botolo a elderflower, duwa la ku Ulaya, amene amathira m'chakumwa chotchedwa Hugo chimene chidayambira ku South Tyrol, kumpoto kwa Italy, mu 2005. Kuno ndimagwiritsa zitatu. Maluwa a mandimu kapena malalanje, ikakhala nyengo yake cha mu Ogasiti ndi Seputembala: odzaza dzanja, kuwaponya m'manyuchi utaphula kale, kuvundikira ola limodzi, kusefa. Ukawaphika amawawa. Lemon grass, udzu uja timathira mu tiyi, umapezeka chaka chonse. Chachitatu ndi uchi. Kwa Chikomeni kuli alimi a njuchi, ena amagulitsa ku bungwe la COMACO, ndipo uchi wa m'nkhalango umatenga fungo la maluwa a mitengo. Uchotse kapu imodzi ya shuga, m'malo mwake uthire theka la kapu ya uchi manyuchi atazizira, chifukwa moto umathamangitsa fungolo.

Tsono pa zothyola maluwa nditsindike. Mvula ikagwa kumaphuka duwa loyanga lofiira ndi lachikasu, lopiringizika ngati malawi a moto, lija anzathu a ku Zimbabwe adalisankha kukhala duwa la dziko lawo, Gloriosa superba. Ndi lokongola, ndipo chomera chonsecho ndi poizoni wakupha. Oleander wa m'mipanda ya m'maofesi ndi m'masukulu nayenso amaimitsa mtima. Lantana ayi. Kuno ndi kwa thonje ndi fodya, ndiye duwa lililonse lomera pafupi ndi munda wopopera mankhwala ulisiye, ngakhale likhale lodyedwa. Maluwa a rozi ogula m'sitolo okongoletsera ukwati nawonso ndi opopera. Chimodzimodzi zigubu: chimene chidasungapo mankhwala a thonje chisasunge chakumwa, kaya chatsukidwa kangati. Ukafuna chokongoletsa m'tambula, ponyamo kakoko kamodzi ka chidede kophikidwa m'manyuchi muja. Kamamira pansi, thovu n'kumakwera kuchokera pa iko.

MUULUTSI: Iyi yandiseketsa. Anyamata ena a kwa Zumwanda akuti vinyo wa thovu ndi wofooka ndiponso wodula. Angathiremo kachasu pang'ono? Kapena angapange wawo, shuga, zipatso ndi yisiti m'mabotolo a mowa wa Mosi, n'kutseka?

AMAYI: Kachasu ayi, ana anga. Palibe amene adamuyeza mphamvu, botolo la lero silifanana ndi la mawa. Shuga ndi mango zimabisa ukali wake, ndipo thovu limafulumizitsa mowa kulowa m'magazi. Azakhali amene amangolawa pa ukwati pokha adzamwa matambula atatu poyesa ndi juwisi, kenaka mudzawanyamula pa ngolo. Boma lidaletsa timapaketi ta mowa totchedwa tujilijili mu 2012 poona mmene mowa waukali wosavuta kumeza udaonongera achinyamata, tsono musatibweretsere tina m'matambula a ukwati. Ndipo osakwana zaka 18 lamulo silimulola mowa, kaya ndi wofiira bwanji.

Zopanga thovu lanu, nzeru yake ndi yoona: yisiti amadya shuga n'kutulutsa mpweya, monga zichitikira ndi munkoyo ukagona. Koma botolo la shampeni adaliumba lochindikala dala. Botolo wamba lagalasi limaphulika, magalasi n'kumwazika m'nyumba. Mukafuna kuyesa, tengani botolo lapulasitiki la zakumwa zathovu la malita awiri. Madzi a chidede ndi jinja, shuga kapu imodzi, yisiti wa buledi kansonga ka supuni ya tiyi, musiye mpata wa zala zinayi pamwamba. Muzilitsina. Likalimba gwa, kunja kukatentha tsiku limodzi lokha likwana, liziziritseni ndi kumwa tsiku lomwelo. Ndi chakumwa chokoma, koma musanamize anthu kuti ndi shampeni, ndipo muwauze kuti muli kamowa pang'ono.

MUULUTSI: Amayi ena a chigwirizano akufunsa za iwo amene mpingo wawo suloleza mowa.

AMAYI: Muyezo womwewo, m'malo mwa vinyo muthire soda wota wozizira, muonjezere madontho a mandimu. Sprite ndi wotsekemera kale, mukagwiritsa ameneyo manyuchi akhale theka. Kulinso vinyo wa thovu wopanda mowa m'masitolo aakulu, koma muwerenge pepala lake. Poti zonse ziwiri n'zofiira, zikhale pa matebulo osiyana, ndipo wogawa azinena pakamwa kuti ichi n'chiti. Amayi oyembekezera atenge chopanda mowa, chidede chake chochepa. Amene akumwa mankhwala a BP adziwenso kuti chidede chimatsitsa kuthamanga kwa magazi. Tambula imodzi pa phwando si nkhani, koma asachisandutse tiyi wa tsiku ndi tsiku asanafunse ku chipatala.

MUULUTSI: Yomaliza, mwachidule amayi, nthawi yatithera. Akuti ukaika supuni pakamwa pa botolo lotsala, thovu silithawa. N'zoona?

AMAYI: Bodza. Supuni siitseka kanthu. Tsanulirani wotsalayo pang'onopang'ono m'kabotolo kapulasitiki ka zakumwa zathovu, kadzaze mpaka pakhosi, mangitsani chitsekero, mukabwezere mu ndowa ya ayezi. Mawa adzakhalabe ndi thovu, mkuja ayi.

MUULUTSI: Omvera, makalata a thobwa ndi munkoyo tawalandira, tidzawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.