Kodi Kuganiza Mozama Kumaphunzitsika? Mafunso ndi Mayankho

Poti maganizo saoneka, akatswiri amawafufuza bwanji?

Amatchera misampha. Amafunsa anthu ambiri funso looneka lophweka, n'kumaona pomwe ambiriwo akugwera. Tayesani ili: kope ndi pensulo pamodzi zikugulidwa K1,100. Kope ndi lokwera mtengo kuposa pensulo ndi K1,000. Pensuloyo ndi ndalama zingati? Ngati mwati K100, muli m'gulu la anthu ambiri, koma mwaphonya. Yankho ndi K50, pakuti kope ndi K1,050. Funsoli, lomwe poyamba linali la madola, analitchukitsa Shane Frederick mu 2005, ndipo Daniel Kahneman analemba kuti oposa theka la ophunzira a ku Harvard, MIT ndi Princeton analiphonya. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Vuto n'loti yankho lolakwika limabwera lokha, mwaliwiro, ndipo limakoma m'khutu moti munthu saona chifukwa cholikayikira.

N'chifukwa chiyani anthu ophunzira chotere amagwa pa funso la ana?

Kahneman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, anafotokoza m'buku lake la mu 2011 lotchedwa Thinking, Fast and Slow kuti kaganizidwe kathu kali pawiri. Kena n'kachangu ndipo sikatopetsa: ndiko kamakuuzani kuti mnzanu wakwiya asanayankhule. Kenako n'kapang'onopang'ono, kofuna khama, ndipo timakazemba tikapeza mpata.

Kachanguko kamakokedwa ndi zinthu zopanda pake. Mu 1974, Kahneman ndi mnzake Amos Tversky anafalitsa zotsatira za kafukufuku wodabwitsa. Ankazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, kenako n'kuwafunsa kuti pa mayiko 100 alionse a m'bungwe la United Nations, a mu Africa ndi angati. Omwe gudumu linawaimira pa 10 mayankho awo anagwera pa 25; omwe linawaimira pa 65 anagwera pa 45. Gudumu silidziwa kanthu za mayiko, komabe linasuntha mayankho a anthu.

Ndiye bwanji osangoyambitsa phunziro lapadera la kuganiza, monga tili ndi masamu ndi Chichewa?

Apa ndi pamene kafukufuku amakhumudwitsa anthu okonda njira zachidule. Mu 1966, Peter Wason wa ku London anaika makadi anayi patebulo, lililonse lili ndi lembo mbali imodzi ndi nambala mbali inayo. Tiyerekeze kuti akuonetsa E, K, 4 ndi 7. Lamulo likuti khadi lokhala ndi lembo la liwu liyenera kukhala ndi nambala yogawika ndi 2 kuseri kwake. Mutembenuza ati kuti mudziwe ngati lamulolo lathyoledwa? Ambiri amati E ndi 4. Yankho ndi E ndi 7, ndipo olipeza nthawi zambiri sakwana mmodzi pa anthu 10.

Mu 1982, Richard Griggs ndi James Cox anasintha nkhani yokha. Anati muli m'bala, lamulo likuti womwa mowa akhale wamkulu. Wina akumwa mowa, wina zoziziritsa kukhosi, wina ali ndi zaka 16, wina 22. Mufufuza ndani? Pafupifupi atatu pa anayi alionse anayankha bwino: wa mowayo ndi wa zaka 16. Funso ndi lomwelija, koma tsopano lili m'dziko lomwe anthuwo akulidziwa.

N'chimodzimodzinso ndi akatswiri a chess. William Chase ndi Herbert Simon anapeza mu 1973 kuti katswiri akayang'ana bolodi kwa masekondi asanu amakumbukira malo a zidole zambiri kuposa wongoyamba kumene. Koma zidolezo zikangomwazidwa mosatsata masewera enieni, kusiyanako kumatsala pang'ono kutheratu. Mkulu wa bawo amaona pomwe nkhomo zikathere asanazigwire, koma luso limenelo silimuthandiza kudziwa ngati ngongole ya katapila ili yabwino. Kuganiza bwino kumamatirira pa zimene munthu akudziwa.

Kodi mukuti kuloweza kulibe vuto?

Kuloweza mawu osawamvetsa, kuti ukawalavule pa mayeso a MANEB n'kuwaiwala, ndi vuto. Koma amene amanyoza kudziwa zinthu ponena kuti zonse zili pa intaneti akulakwitsa kwambiri. Mu 1988, Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana a sukulu ku America nkhani ya masewera a baseball. Ana ofooka powerenga koma odziwa masewerawo anaimvetsa kuposa ana odziwa kuwerenga omwe masewerawo sankawadziwa. Mwana sangatsutse kapena kuvomera za feteleza ngati sadziwa chomwe chimanga chimafuna m'nthaka.

Nanga ulipo umboni woti ana angaphunzitsidwe kusanthula nkhani?

Ulipo, ndipo umodzi mwa maumboni olimba unachokera ku Uganda. Mu 2016, ofufuza a ku yunivesite ya Makerere, mogwirizana ndi anzawo a ku Norway, anagawa sukulu za pulayimale 120 m'magulu awiri mwamaere. Ana oposa 10,000, ambiri a zaka 10 mpaka 12, anatenga nawo mbali. Gulu limodzi linaphunzira maphunziro 9 kuchokera m'buku la zithunzi, lonena za momwe tingayesere zimene anthu amanena pa mankhwala, monga zoti ndowe zimapoletsa bala la moto. Anawo anaphunzira kuti umboni wa munthu mmodzi amene anachira sukwanira, kuti mankhwala amayesedwa poyerekeza magulu ofanana, komanso kuti kukwera mtengo sikutanthauza kuchiritsa. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2017: ana 69 pa 100 alionse a m'gululi anakhoza mayeso, pamene m'gulu linalo anakhoza 27 okha.

Onani kuti anawo sanauzidwe kuti aziganiza mozama basi. Anapatsidwa mfundo zowerengeka, pa nkhani imodzi, ndi zitsanzo zambiri zoyeserera.

Kodi amene sanapite kusukulu saganiza mozama?

Ofufuza ena akale ankaganiza choncho, mpaka alimi a mtundu wa Kpelle ku Liberia anawaphunzitsa nzeru. Joseph Glick anawapatsa zakudya, zida, ziwiya ndi zovala kuti aziike m'magulu. Iwo ankaika mpeni pamodzi ndi lalanje, khasu pamodzi ndi mbatata, n'kumati munthu wanzeru amatero. Atawafunsa mmene chitsiru chingasanjire, anaika zakudya pazokha, zida pazokha, ndendende momwe wofufuzayo ankafunira. Sukulu imaphunzitsa njira ina ya kaganizidwe, yothandiza zedi, koma siyo imayambitsa nzeru.

Mphunzitsi wa kalasi yodzaza, wopanda mabuku okwanira, angayambire pati?

Pa kudikira. M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe anajambula mawu m'makalasi a sayansi ku America n'kupeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanayankhe okha kapena kuloza mwana wina. Atawazoloweza kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika, ana ambiri anayamba kuyankha, ndipo ngakhale aja achete anayamba kupereka zifukwa. Mwana akayankha, kaya wakhoza kaya waphonya, mufunseni kuti wadziwa bwanji, kenako funsani mnzake ngati chifukwacho chikumukhutiritsa.