Phunzilo la Mlungu Uno: N'cifukwa Ciani Nkoloko Yakuda Imasupuka?

Mlungu uno tikambilaneko za nkoloko yakuda ya pa dzanja. Acinyamata aikonda ngako, ndipo azimai ambili amagulila amuna awo monga mphatso. Koma pakapita miyezi yocepa cabe, m'makona muyamba kuoneka zoyela, lamba nayenso ayamba kusupuka, ndipo panyumba pabuka funso lakuti, "Kansi munanigulila ya feki?" Nthawi zina ni feki zoona. Nthawi zina iyai, ndipo amene anagula amaimbidwa mlandu pacabe.

Coyamba, dziwani kuti citsulo ca nkoloko sicikhala cakuda cokha. Nkoloko zabwino zambili amazipanga na citsulo cosacita dzimbili ca mtundu wa 316L, coyela monga supuni ya m'khichini. Kuda kumene muona ni khungu cabe limene anaikapo pamwamba. Amene anachukitsa zimenezi ni Ferdinand Alexander Porsche, uja anajambula motoka ya Porsche 911. Mu 1972 anatulutsa nkoloko yochedwa Chronograph 1, yakuda yonse. Anafuna kuti izioneka monga mamita a kutsogolo kwa dalaivala: manambala oyela pamalo akuda, osathobwa m'maso dzuwa likawala. Nazonso zoyambilila zija zinali kupelepeseka m'mbali, ndiye vutoli si la lelo.

Njila yochipa kwambili ni kupaka penti, olo kumatika kacitsulo kakuda na malaiti, pa thupi la nkoloko lopangidwa na zinki. Izi n'zimene zadzala m'misika. Zioneka bwino tsiku logula, basi.

Njila imene mafakitale odalilika amasewenzetsa amaicha PVD, ndipo pa mabokosi ena amalemba IP, imene ni ya banja limodzi-modzi. Apa mvetselani bwino. Mbali za nkoloko amazikuta zili zokha-zokha, zopanda makina a mkati, galasi na tumphila totsekeleza madzi. Amazitsuka mpaka kucotsa mafuta onse, cifukwa olo cidindo ca cala cimodzi cingalepheletse khungu kugwila. Ndiyeno amaziika m'cipinda cacitsulo cotsekeka, n'kupopa mpweya wonse kuucotsa. M'cipindamo mumakhala cidutswa ca citsulo, kambili titaniyamu, cimene amaciomba na mphamvu ya malaiti mpaka tuzidutswa twake tosaoneka na maso tuyamba kuuluka monga nthunzi. Akalowetsa gasi pang'ono, nthunzi ija imagwilizana naye n'kukhazikika pa mbali za nkoloko, zimene zimakhala zikuzungulila kuti paliponse pafikike. Titaniyamu na naitilojeni zimapeleka mtundu wa golide, uja muona pa tuzitsulo tobowolela ku hadiweya. Akaonjezako kaboni, mtundu umada.

Manje khungu limeneli n'lopyapyala bwanji? Kambili ni ma micron 1 mpaka 3. Tsitsi limodzi la munthu limakhala pakati pa ma micron 50 na 100. Ndiye kuda konse kumene tilipilila ndalama n'kocepa kutali poyelekeza na tsitsi limodzi.

Palinso DLC, imene amaika pa nkoloko zodula. Iyi ni kaboni, cinthu cimodzi-modzi cimene cili m'malasha a pa mbaula komanso mu daimondi. Kusiyana kuli pa mmene tuzidutswa twake tagwilanilana. Mu DLC twina tagwilana monga mu daimondi, twina monga mu mtima wa pensulo, ndiye khungu limakhala lolimba komanso lotelela. Pa sikelo yopimila kulimba yochedwa Vickers, citsulo ca 316L cili pafupi na 200, pamene DLC kambili imapitilila 1,500.

Mwina mufunsa kuti, nanga ngati n'yolimba conco, isupuka bwanji? Ganizilani dzila lowilitsa. Cikamba n'colimba, koma zamkati n'zofewa. Mukagunditsa nkoloko pa geti, citsulo ca pansi cimafwapika, khungu lolimba lija lisowa pokhala, ling'aluka. N'cifukwa cake kampani ya Sinn ya ku Frankfurt ku Germany imayamba yalimbitsa citsulo ceniceni pa njila yake yochedwa Tegiment, kufika pafupi na 1,200 pa sikelo ija, ndiye pambuyo pake n'kuikapo zakuda. Kwa ine, funso lakuti pansi pali ciani n'lofunika kuposa dzina la khungu.

Conco pogula, tembenuzani nkoloko muwelenge kumbuyo. Akalemba "stainless steel back", ndiye kuti civinikilo cokha ndico citsulo cabwino, thupi mwina ni zinki. Thukuta la mu October likafika pa zinki limakumba tumaenje, ndipo ena amacita tuziphuphu pa dzanja cifukwa ca nikelo imene ili pansi pa zopakazo. Makina a DLC ni odula, ndiye nkoloko yochipa kuposa thumba la unga wa bulekifasi yolembedwa DLC pa bokosi, ikayikileni. Ndipo inu abale amene mugulitsa nkoloko, muziuza kasitoma poyela kuti iyi ni yopaka penti. Adzagulabe ngati mtengo uli bwino.

Ikakalika, nkoloko yakuda siipukutika monga yoyela, cifukwa kuipala ndiko kucotselatu kuda. Amisili a pa msika angakucinjileni batili na lamba, koma khungu limeneli sangalibwezele. Zija zopaka maka olo penti ya zikhadabo zimacoka mlungu usanathe. Kuikuta cacinanso kufuna kumasula nkoloko yonse, kucotsa khungu lakale na kuibweza m'makina aja, ndipo mtengo wake nthawi zambili upitilila wa nkoloko.

Posamalila, samalani na fumbi. Lili na mcenga umene ni wolimba kuposa citsulo, ndiye musaipukute na shati ili na fumbi. Yambani mwaiuzila, ndiyeno kansalu kofewa konyowa pang'ono. Muziivula ponyamula mabuloko olo pokonza motoka, ndipo pefyumu muzithila musanaivale.

Amene afuna yakuda mpaka mkati, kuli za seramiki monga zimene kampani ya Rado imapanga. Izo sizisupuka, koma ni zodula, ndipo ikagwa pa simenti ingathe kusweka monga kapu.