Mbale Yoyezera Cimanga pa Msika wa Zomba

Ife alimi a ku Mtiya tiri ndi mwai, pakuti msika wa Zomba uli pafupi. Fodya wathu apita ku okushoni ya ku Limbe, imene inayamba m'caka ca 1938, ndipo kumeneko ogula sadziwa nkhope zathu. Ayang'ana tsamba lokha. Koma cimanga tigulitsa kwa anthu amene tikomana nao kumaliro ndi kumapemphero.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe m'caka ca 1975, ogula ambiri anacoka m'Zomba. Otsala, monga mabanja a apolisi ndi a asilikali a ku Cobbe Barracks, ndiwo abwera sabata ndi sabata, ndipo saiwala.

Cifukwa cace tisagogode mbale yoyezera kunsi kwace kuti icepe, kapena kubisa cimanga cofumbwa pansi pa thumba. Mai akatulukira cinyengo cotere, auza anzace kucigayo tsiku lomwelo. Tiwapatse moni ogula, tifunse za mwana amene anali kudwala, tionjezepo basela wa dzanja limodzi. Koma za ngongole ticenjere: tikongoze yekhayo amene tidziwa khomo lace, makamaka mwezi wa February, pamene nkhokwe zathu zomwe ziri pafupi kutha.